Achewa ndi Atumbuka mbali ziwiri za malire: masamu amene amabisala m'ndale za mitundu

Mbali yaikulu ya malire a Malawi ndi Zambia imatsata msana wa mtunda wogawa madzi. Mvula yogwa kum'mawa kwa msanawu imatsikira ku nyanja ya Malawi, yogwa kumadzulo imakathera mu Luangwa. Azungu amene anajambula mzerewu m'zaka za m'ma 1890 ankayang'ana mitsinje, ndipo sanafunse mfumu iliyonse. Mzere unadula Achewa pakati, unadulanso Atumbuka, moti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mtundu uliwonse anagwera mbali ya Nyasaland, otsalawo mbali ya Northern Rhodesia. Kwa anthu ofufuza za mitundu ndi ndale, kusasamala kwa atsamundaku kunasanduka mwayi, chifukwa anthu a mwambo umodzi anaikidwa m'mayiko awiri popanda kusankha okha, ndipo tsopano tingathe kuona chimene dziko limachita kwa mtundu.

Mu 2001 katswiri wa ndale wa ku America, Daniel Posner, anapita m'midzi inayi ya m'malirewa. Achewa anawapeza ku Mkanda wa mbali ya Malawi ndi Mkanda wa mbali ya Zambia, Atumbuka ku Kapopo mbali ya Malawi ndi ku Mwase-Lundazi mbali ya Zambia. Anafunsa anthu 180. Funso loyamba linali lakuti Mchewa amasiyana bwanji ndi Mtumbuka, ndipo mayankho a mbali zonse ziwiri anafanana. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, mwamuna amapita kuchikamwini, kudambwe kuli gule wamkulu. Kwa Atumbuka kuli malowolo a ng'ombe, ana ndi a kuchimuna, ng'oma yake ndi vimbuza. Wa ku Zambia amadziwa kusiyanaku bwino lomwe ngati wa ku Malawi.

Zinthu zinapatukana pa mafunso otsatira. Atafunsidwa ngati anthu a m'dera lawo angavotere munthu wa mtundu winawo kuti akhale pulezidenti, 61 peresenti ya a ku Malawi anakana, pomwe ku Zambia okana anali 21 peresenti. Pa funso la kukwatira kapena kukwatiwa ndi wa mtundu winawo, okana anali 55 peresenti ku Malawi ndi 24 peresenti ku Zambia. Miyambo ndi yomweyo, mtsamunda anali yemweyo, mavotedwe a aphungu anali amodzimodzi, midzi yake yoyendera njinga. Nanga kukanana kukuchokera kuti?

Musanamve yankho la Posner, ndi bwino kudziwa mayankho atatu amene akatswiri akhala akulimbirana kwa zaka zoposa 60, chifukwa aliyense wokamba za tsankho pa wailesi kapena pa Facebook amakhala akugwiritsa ntchito limodzi mwa atatuwa, kaya akudziwa kaya ayi.

Loyamba ndi la anthu amene amati mtundu ndi magazi. Pa Chingerezi amalitcha primordialism, koma ife tili ndi mwambi wake kale: chibale ndi fupa, sichiola. Mayina amene amatchulidwa apa ndi Edward Shils mu 1957 ndi Clifford Geertz mu 1963, ngakhale kuti Geertz kwenikweni ankanena kuti anthu amamva ngati chibalecho ndi chobadwa nacho, zomwe ndi zosiyana ndi kunena kuti ndi chobadwa nachodi. Ganizoli limalongosola bwino chifukwa chake munthu amalira akamva nyimbo ya kwawo ali ku Johannesburg. Pa nkhani ya mikangano limagwa chagada. Atolankhani akamati "udani wakalekale wabukanso," funso ndi lakuti unali kuti dzana. Chinthu chosasintha sichingalongosole chinthu chimene chimasinthasintha, ndipo magazi a Mchewa wa ku Chipata ndi omwewo a Mchewa wa ku Mchinji.

Lachiwiri limati mtundu ndi chida, ngati khasu: umalitola ukafuna kulima. Abner Cohen anaonetsa izi mu 1969 pofufuza Ahausa a ku Sabo mumzinda wa Ibadan ku Nigeria, amene analimbitsa Chihausa chawo ndi chipembedzo chawo pofuna kuti malonda a ng'ombe ndi mtedza wa kola asachoke m'manja mwawo. Robert Bates anawonjezera kuti sukulu, misewu, ntchito za m'boma ndi misika zimagwera m'malo, ndipo mitundu nayo imakhala m'malo, choncho kulimbirana chitukuko kumavala nkhope ya mtundu. Vuto la ganizoli ndi lakuti limalongosola mtsogoleri koma osati womutsatira. Nduna ikapeza galimoto, mayi wogulitsa mandasi wapezapo chiyani kuti mpaka akagende anzake? Donald Horowitz mu 1985 anayankha kuti anthu salimbirana chakudya chokha. Amalimbirananso ulemu wa gulu lawo, ndipo amaopa kusanduka alendo m'dziko lawo lomwe. Amene anaonapo nkhope za anthu pamene wa kwawo akulumbiritsidwa sangatsutse zimenezi.

Lachitatu limati mtundu umaumbidwa. Fredrik Barth mu 1969 ananena kuti tisamayang'ane za m'kati mwa mpanda, tiziyang'ana mpandawo: amaumanga ndani, amaukonza ndani, amadumpha ndani. Apa mbiri ya kwathu ili ndi zitsanzo zoposa zosowa. Malowolo a ng'ombe amene lero amaoneka ngati chizindikiro cha Mtumbuka anakhazikika pambuyo pa kufika kwa Angoni m'zaka za m'ma 1850, ndipo Atumbuka ambiri kale ankatsata kuchikazi. Leroy Vail ndi Landeg White analemba mu 1989 momwe aphunzitsi ndi abusa ophunzira ku Livingstonia anasonkhanitsira magulu osiyanasiyana, Ahenga, Akamanga, Aphoka ndi ena, pansi pa dzina limodzi ndi mbiri imodzi yozungulira ufumu wa Chikulamayembe, umene unabwezeretsedwa mu 1907. Alhomwe nawo anafika kuchokera ku Mozambique ali Amihavani, Akokhola, Amanyawa, Atakhwani ndi ena, n'kumagwira ntchito m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje akunyozedwa ndi dzina lakuti Anguru. Mu 1943 Lewis Bandawe anatsogolera bungwe lomwe linachititsa boma kusiya dzina lonyozalo. Patapita zaka 65, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, Mulhako wa Alhomwe unasonkhana ku Chonde, anthu ambiri amene anali atasiya kudzitchula Alhomwe n'kuyambiranso.

Anthu ena akamva zimenezi amathamangira kunena kuti mitundu ndi yabodza, atsamunda anangoipeka. Ayi. Mbiya imaumbidwa ndi manja, koma ikaotchedwa simungaibwezere kudothi poinyowetsa. Kudziwa kuti chinthu chinaumbidwa mu 1907 sikuchotsa mphamvu yake lero. Funso lothandiza ndi lakuti, mwa mbiya zambirimbiri zimene munthu ali nazo m'nyumba, n'chifukwa chiyani pa tsiku la chisankho amanyamula iyi osati iyo?

Yankho la Posner ndi la masamu. Malinga ndi ziwerengero zimene anagwiritsa ntchito, Achewa ku Malawi anali pafupifupi 28 peresenti ya anthu onse, Atumbuka 12 peresenti. Ku Zambia Achewa anali 7 peresenti, Atumbuka 4 peresenti. Dziyerekezeni muli wandale wofuna upulezidenti. Ku Malawi gulu la anthu 28 pa 100 aliwonse ndi maziko okwanira kumangapo chipani, ndipo la 12 pa 100 ndi lokwanira kukambirana nalo za mgwirizano, choncho pali phindu powakumbutsa anthu za kusiyana kwawo. Ku Zambia wandale amene angadzitche mtsogoleri wa Atumbuka wadzitsekera m'kachipinda ka anthu 4 pa 100. Chomuthandiza ndi kusonkhanitsa Achewa, Atumbuka, Ansenga, Angoni ndi Akunda kuti onse akhale "a kum'mawa," gulu lotha kuima pamaso pa olankhula Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. N'chifukwa chake mawu oti umodzi kum'mawa akhala akumveka m'ndale za ku Zambia, ndipo mu 1991, pamene chipani cholamula cha UNIP chinagonja n'kutsala ndi mipando 25 mwa 150, mipando yonse 19 ya chigawo cha kum'mawa inapita kwa icho, ya Achewa ndi ya Atumbuka yomwe.

Chimene chimapatsa mtundu mphamvu pa ndale, mwa ganizoli, ndi kukula kwake poyerekeza ndi bwalo limene mpikisano ukuchitikira. Kukula kwa kusiyana kwa miyambo kulibe ntchito kwenikweni. Atonga a ku Nkhata Bay amasiyana ndi Atumbuka m'chilankhulo ndi m'mbiri, koma pa kalembera wa 2018 sanafike ndi 2 peresenti yomwe, ndiye pa chisankho cha pulezidenti onse amangokhala "akumpoto." Angoni ndi oposa 10 peresenti, koma amwazikana: wa ku Mzimba amalankhula Chitumbuka, wa ku Ntcheu Chichewa, ndipo mu 1994 Mzimba inavotera Chakufwa Chihana pamene Ntcheu sinatero. Kuchuluka kopanda kukhala pamalo amodzi sikupanga gulu la ndale.

Mukasintha bwalo, mtundu wogwiritsidwa ntchito umasinthanso. Posner yemweyo anaonetsa izi mu 2005 ndi mbiri ya zisankho za ku Zambia. Kuyambira 1973 mpaka 1991 kunali chipani chimodzi, pulezidenti analibe wopikisana naye, ndipo mpikisano weniweni unali wa aphungu m'madera. M'dera limodzi la kumudzi pafupifupi onse amalankhula chilankhulo chimodzi, kotero chowasiyanitsa chinali fuko laling'ono, limodzi mwa 73 amene Zambia imawerenga. Zipani zambiri zitabwerera, bwalo linakula kukhala dziko lonse, ndipo anthu omwewo anayamba kudziwerenga m'magulu anayi akuluakulu a zilankhulo. Munthu sanasinthe makolo. Anasintha funso limene akuyankha.

Pali chotsutsa chachikulu chimene Mmalawi aliyense angachiponye nthawi yomweyo: nanga Kamuzu? Mu 1968 msonkhano waukulu wa MCP unasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, n'kuchipanga chilankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera kota ya malo a ku yunivesite, imene inapweteka kwambiri akumpoto, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Ku Zambia Kenneth Kaunda, amene bambo ake anachokera ku Nyasaland, ankagawa maunduna mosamala pakati pa zigawo. Kodi kusiyana kwa 61 ndi 21 si kusiyana kwa atsogoleri awiriwa basi?

Chotsutsachi ndi cholimba, ndipo midzi inayi singachigwetse. Posner amayankha kuti Kamuzu anasankha Uchewa chifukwa Achewa anali ochuluka mokwanira kukhala maziko, zomwe Kaunda sakanachita ndi fuko lililonse limodzi. Ndikuona kuti yankholi ndi loona theka. Masamu amauza wandale khomo limene lili lotsegula, koma sam'kankhira kuti alowe, ndipo chimene wachita atalowa chimasiya zipsera zake zokhala ndi moyo wawowawo. Mphunzitsi amene anakwezedwa lole ndi katundu wake mu 1989 safunika kuwerengera maperesenti kuti akhale ndi maganizo pa funso la kuvotera Mchewa. Zotsatira za 1994 zinaonetsa zonse ziwiri pamodzi: Chihana anatenga pafupifupi 88 peresenti ya mavoti a kumpoto, Kamuzu pafupifupi 64 peresenti pakati, Bakili Muluzi pafupifupi 78 peresenti kum'mwera. Horowitz amatcha chisankho chotere kalembera, chifukwa ukadziwa kumene anthu akukhala wadziwa kale zotsatira.

Tsopano za kuyeza, pomwe kafukufuku wambiri amaphotchoka. Kwa zaka zambiri akatswiri a zachuma ankagwiritsa ntchito nambala imodzi yotchedwa ELF. Kawerengedwe kake ndi kosavuta: tengani gawo la mtundu uliwonse, lichulukitseni ndi lokha, phatikizani zonse, chotsani pa 1. Yankho likukuuzani mwayi woti anthu awiri otoledwa mwachisawawa akhale a mitundu yosiyana. Tiyese ndi kalembera wa ku Malawi wa 2018, amene anapeza Achewa 34.4 peresenti, Alhomwe 18.9, Ayao 13.3, Angoni 10.4, Atumbuka 9.2, Asena 3.8, Amang'anja 3.2, Anyanja 1.9 ndi Atonga 1.8. Achewa apereka 0.118, Alhomwe 0.036, Ayao 0.018, Angoni 0.011, Atumbuka 0.008, ena onse pamodzi pafupifupi 0.003. Zonse ndi 0.194, ndiye ELF ndi pafupifupi 0.81.

Tsopano phatikizani Achewa, Amang'anja ndi Anyanja kukhala gulu limodzi, popeza onse ndi ana a Maravi olankhula chilankhulo chimodzi. Nambala itsika kufika pa 0.77. Werengani ndi zigawo, kumpoto 13 peresenti, pakati 43, kum'mwera 44, ndipo mupeza 0.60. Dziko limodzi, chaka chimodzi, manambala atatu. Woyenera ndi uti? Zimadalira mpanda umene ndale zikugwiritsa ntchito chaka chimenecho, ndipo mpandawo ndi umene timafuna kuulongosola poyamba paja.

Izi si zongosewera. William Easterly ndi Ross Levine mu 1997 ananena kuti kuchuluka kwa mitundu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chuma cha mu Africa sichikulira, ndipo manambala awo anachokera m'buku la mapu limene akatswiri a ku Soviet Union anatulutsa mu 1964. M'bukulo Ahutu ndi Atutsi sanasiyanitsidwe chifukwa amalankhula chilankhulo chimodzi, choncho Rwanda ndi Burundi zinaoneka ngati mayiko a mtundu umodzi, chimodzimodzi Somalia. Tanzania, ya mitundu yoposa 120, inali pamwamba penipeni ndi 0.93. Muyeso woika Tanzania pangozi n'kuika Rwanda pamtendere ukuyeza china chake, koma si mkangano.

Cholakwika china ndi kufufuza malo okhawo amene kunayaka moto. Mukapita ku Rwanda, ku Bosnia ndi ku Sri Lanka mupeza kuti konseko kuli mitundu yosiyana, n'kunena kuti mitundu ndiyo imayambitsa nkhondo. Koma simunawerenge malo zikwizikwi amene mitundu imakhala moyandikana, kukwatirana, kugulitsana mbuzi, osaphana. James Fearon ndi David Laitin anawerenga zimenezi mu 1996 pa mayiko a mu Africa a pakati pa 1960 ndi 1979, ndipo anapeza kuti mwa mikangano yonse imene ikanatha kubuka pakati pa mitundu yoyandikana, imene inafikadi pokhetsa magazi sinakwane ngakhale umodzi pa 100. Mu 2003 anaunika nkhondo za pachiweniweni 127 za pakati pa 1945 ndi 1999 n'kupeza kuti mukafananitsa mayiko a chuma chofanana, kuchuluka kwa mitundu sikuwonjezera ngozi ya nkhondo. Zowonjezera ngozi ndi umphawi, boma lofooka, mapiri obisalamo zigawenga ndi chiwerengero chachikulu cha anthu.

Ena anatenga zimenezi ngati umboni woti madandaulo a mitundu alibe ntchito. Lars-Erik Cederman, Andreas Wimmer ndi Brian Min anabweza nkhaniyi mu 2010 pofunsa funso lina. M'malo mowerenga mitundu, anawerenga amene ali patebulo: m'dziko lililonse, chaka chilichonse kuyambira 1946 mpaka 2005, ndi gulu liti lili m'boma, liti ndi lothandizana nalo, liti latsekeredwa kunja. Anapeza kuti gulu lotsekeredwa kunja ndi limene limaukira, makamaka ngati ndi lalikulu, ngati linali m'boma posachedwa n'kuchotsedwa, komanso ngati linamenyapo kale nkhondo. Apa ndi pomwe ndimaika kulemera kwanga. Kusiyana kulipo paliponse ndipo sikulosera kanthu. Kutsekeredwa kunja kumayezeka, kuli ndi tsiku limene kunayamba, ndipo kuli ndi munthu amene anatseka chitseko.

Ngakhale zipolowe zenizeni zimakhala ndi adiresi. Ashutosh Varshney anapeza kuti pafupifupi theka la anthu ophedwa m'zipolowe za Ahindu ndi Asilamu m'mizinda ya ku India pakati pa 1950 ndi 1995 anafera m'mizinda isanu ndi itatu yokha. Steven Wilkinson anaonetsa kuti zipolowe zimachuluka chisankho chikayandikira m'madera a mpikisano wothina, ndipo zimazimitsidwa msanga kumene boma la chigawo limadalira mavoti a Asilamu, chifukwa apolisi amalandira lamulo loti aletse. Ku Rwanda, Scott Straus anacheza ndi akaidi oposa 200 amene anapha nawo anthu mu 1994, ndipo ambiri sanatchule chidani chakale. Anatchula mantha a nkhondo, kukakamizidwa ndi anzawo, ndi malamulo ochokera kwa akuluakulu a boma. Ambiri anali ndi anansi ndi achibale a Chitutsi.

Amene akufuna kuchita kafukufuku wotere m'dera lake, kaya ndi wophunzira wa ku yunivesite kaya wa bungwe, asamale zinthu zingapo zimene zimaononga ntchito isanayambe n'komwe.

Yoyamba ndi wofunsa. Anthu amamva kalankhulidwe ka munthu, amamva dzina la bambo ake, n'kukonza yankho. Claire Adida ndi anzake anaunika mayankho a kafukufuku wa maganizo a anthu wotchedwa Afrobarometer m'mayiko 14 n'kupeza kuti anthu amayankha mosiyana akafunsidwa ndi wa mtundu wawo. Mchewa wofunsidwa ndi mtsikana wa Chitumbuka waulemu, atakhala pamphasa pakhonde pake, savomera msanga kuti sangakwatire Mtumbuka. Lembani mtundu wa wofunsa aliyense pa fomu iliyonse, sakanizani ofunsa m'mudzi uliwonse, ndipo pounika muone ngati mayankho akutsata wofunsa.

Yachiwiri ndi nthawi. Benn Eifert, Edward Miguel ndi Posner anapeza mu 2010, pa anthu oposa 35,000 m'mayiko 10, kuti mwezi uliwonse woyandikira chisankho cha pulezidenti cholimbirana kwambiri umakweza ndi 1.8 peresenti mwayi woti munthu adzitchule ndi mtundu wake m'malo mwa ntchito kapena chipembedzo chake. Kufananitsa mudzi wofunsidwa mwezi wa kampeni ndi mudzi wofunsidwa zaka ziwiri pambuyo pake ndi kufananitsa mango ndi mapapaya.

Yachitatu ndi mawu. Liwu loti mtundu m'Chichewa limanyamula zambiri: fuko, khungu, dziko, ngakhale mfunda. Mukafunsa "ndinu a mtundu wanji" wina ayankha Mchewa, wina Phiri, wina Mmalawi. Musam'konze. Lembani yankho loyamba momwe latulukira, chifukwa limenelo ndi zotsatira kale, kenako funsani padera mtundu wa mayi, wa bambo, wa mwamuna kapena mkazi wake, ndi chilankhulo cha pakhomo. Mwana wa bambo wa Chichewa ndi mayi wa Chitumbuka, mwa mwambo, mbali iliyonse ingamukankhire kwinako, pomwe wa mayi wa Chichewa ndi bambo wa Chitumbuka mbali zonse zimamufuna. Fomu ya bokosi limodzi imameza zonsezi. Mafunso amasuliridwe, kenako munthu wina amene sanaone oyambawo awabwezere m'chilankhulo choyamba, muone ngati tanthauzo lapulumuka.

Yachinayi ndi kulowa m'mudzi. Simungayambe osaonekera kwa amfumu, koma musalole kuti amfumu akusankhireni oyankha, chifukwa mupatsidwa nduna zawo ndi abale awo. Yambirani pamalo odziwika monga pa mjigo, werengani nyumba, lowani yachisanu iliyonse, ndipo muzisinthanitsa mwamuna ndi mkazi. Funsani munthu payekha. Pagulu amayankha wamkulu, ena amangovomera.

Yachisanu ndi kusakhulupirira pakamwa pokha. Zimene munthu wanena ziyerekezeni ndi zimene zimachitika: zotsatira za pamalo oponyera voti, mabuku a maukwati a kutchalitchi, amene amabwerekana ndalama m'banki m'khonde. Ndipo pa nkhani ya kukondera, musayeze chinthu chimodzi. Kafukufuku wa misewu ya ku Kenya wa zaka za 1963 mpaka 2011 anapeza kuti maboma a mtundu wa pulezidenti ankalandira ndalama za misewu zowirikiza kawiri, ndipo kukonderaku kunkazimiririka m'nyengo za zipani zambiri. Koma Kimuli Kasara anapeza mu 2007 kuti alimi a mbewu zogulitsa a kwawo kwa pulezidenti m'mayiko ambiri a mu Africa amadulidwa msonkho wokwera kuposa ena, mwina chifukwa voti yawo ndi yotsimikizika kale. Woyeza misewu yokha ndi woyeza msonkho wokha alemba malipoti otsutsana, onse ali ndi manambala oona.

Ngati masamu ndi amene amasankha mpanda, ndiye kuti malamulo a chisankho ndi chida chenicheni, ndipo apa akatswiri amagawikanso. Arend Lijphart amati vomerezani magulu, agawireni mipando. Burundi inatsata njirayi m'malamulo ake a 2005: nyumba ya malamulo 60 peresenti Ahutu, 40 peresenti Atutsi, asilikali theka ndi theka. Ubwino wake palibe wotsekeredwa kunja, kuipa kwake mwaotcha mbiya ija kachiwiri, ndipo mwana wa makolo osakanikirana ayenera kusankha mzere. Horowitz amati m'malo mwake kakamizani wandale kupempha mavoti kwa anthu a mitundu ina. Nigeria imafuna kuti wopambana apeze gawo limodzi mwa anayi a mavoti m'magawo awiri mwa atatu a zigawo zake. Kenya kuyambira 2010 imafuna mavoti oposa theka kuphatikiza 25 peresenti m'makaunte 24 mwa 47. Zambia inalowa m'lamulo la 50+1 mu 2016.

Ku Malawi lamuloli linabwera ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, chimene chinafafaniza chisankho cha 2019 chomwe Peter Mutharika anapambana ndi mavoti osakwana 39 peresenti. Pansi pa malamulo akale gulu la 34 peresenti, kapena chigawo cha 44 peresenti chogwirizana bwino, chinkatha kulowa m'boma chokha. Pansi pa 50+1 palibe mtundu kapena chigawo chokwana chokha, ndipo chigawo cha kumpoto cha 13 peresenti chija chimasanduka mkwatibwi wofunsiridwa ndi onse. Mu June 2020 kumpoto kunavotera mwaunyinji Lazarus Chakwera, Mchewa wa ku Lilongwe woimira chipani chomwe chija chinachotsa Chitumbuka pa wailesi, ndipo anapambana ndi pafupifupi 59 peresenti. Panali patangopita zaka 19 kuchokera pamene anthu 61 pa 100 m'midzi ya Posner ya ku Malawi ananena kuti anthu a m'dera lawo sangavotere wa mtundu winawo. Mu September 2025 Mutharika anabwerera ndi pafupifupi 57 peresenti, nambala yowirikiza katatu chiwerengero cha Alhomwe onse, imene singapezeke popanda mavoti ambiri a anthu amene anali ku mgwirizano wa Tonse wa Chakwera zaka zisanu m'mbuyomo.

Zisankho ziwiri sizikwanira kunena kuti lamulo lasintha mitima, ndipo Bingu anapeza kale 66 peresenti mu 2009 pansi pa malamulo akale, nthawi imene makuponi a feteleza anadzaza nkhokwe m'zigawo zonse zitatu. Choyenera kuchita ndi kubwerera ku Mkanda ndi ku Kapopo ndi mafunso omwe aja, kuwonjezera midzi ina khumi kapena makumi awiri m'mbali mwa malire onse, kufunsa chaka chopanda chisankho ndi chaka cha chisankho, n'kuona ngati 61 uja watsika kuyandikira 21 wa tsidya linalo. Funso la voti likatsika koma la ukwati n'kukhala pomwepo pa 55, tidzadziwa kuti malamulo afika m'bokosi la mavoti koma sanafike kwa ankhoswe.